Kodi lipenga lingamudyetse munthu?

Funso ili si langa ayi. Adandifunsa ndi mnyamata wa Fomu 3 wa pasukulu yomwe ndimaphunzitsa kumudzi m'boma la Nkhata Bay, tili pa Mzuzu Stadium komwe tidapita ndi ana kukachita mpikisano wothamanga. Mpikisano usanayambe, bandi ya malipenga amkuwa idalowa m'bwalo ikuguba. Anzake onse adali kalikiliki kuwongola miyendo, koma iye adangoima chilili, kukamwa kuli yasa. Bandi ija itadutsa adanditembenukira n'kuti, "Sala, kodi anthu awa amalandira ndalama chifukwa choimba basi? Lipenga lingamudyetse munthu?"

Ndidamuyankha momwe timayankhira aphunzitsi tikapanidwa ndi funso lomwe sitidalikonzekere: "Kathamange kaye, tikambirana." Adathamanga, n'kukhala wachisanu. Koma funso lija lidanditsatira mpaka kunyumba.

Mnyamatayu sindimutchula dzina. Kwawo ndi mmodzi mwa oliza zikho m'gulu la gule wa malipenga, gulu lomwe kuno amalitcha boma. Amene mudaonererapo malipenga a Atonga mukudziwa momwe zimakhalira: amuna atatchena zoyera mbee, makabudula ositidwa bwino, masokosi ofika m'maondo, akuponda mosamala ngati pansi pali mazira. Ng'oma ikugunda, anyamata akuliza zikho zazitali za mphonda, zomwe Achewa ovina mganda amazitcha badza. Kumapeto kwa chikho amamatako kachikopa koyera ka kangaude, ngakhale masiku ano ambiri amangomata kapepala ka jumbo, ndipo n'kamene kamachititsa kuti mawu azituluka monjenjemera.

Gule ameneyu adabadwa kuchokera ku perete wa asilikali. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse idafika msanga m'dziko muno: mu Seputembala 1914 asilikali a King's African Rifles adamenyana ndi Ajeremani ku Karonga. Amuna ambiri adalowa usilikali, ndipo ena ochuluka kuposa apo adatengedwa kukasenza katundu pa ntchito ya mtengatenga. Pobwerera kwawo adabwera ndi zomwe adakaona, kuguba pamzere, maudindo, yunifomu ndi kulira kwa malipenga amkuwa. Mkuwa adalibe, koma mphonda zidali mbwee m'munda. N'chifukwa chake m'boma la malipenga mumapezeka kingi, kapitawo, dokotala ndi namwino, ngati kambuku wa asilikali. Ku Mangochi kuli m'bale wake wa guleyu, beni, dzina lochokera ku liwu loti bandi. Hugh Tracey, yemwe adayenda ndi makina ojambulira mawu m'maiko ambiri a mu Africa, adajambula nyimbo za Atonga, Atumbuka ndi Achewa mu 1950, 1957 ndi 1958, ndipo zidasungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Ana anga m'kalasi sakudziwa n'komwe kuti mawu a azigogo awo ali kumeneko.

Ine ndimaphunzitsa sayansi. Za nyimbo ndimangodziwa za kukwaya. Yemwe adanditsegula maso ndi bambo wina wachikulire wa ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, woyandikana nyumba ndi msuweni wanga yemwe ndimagonako ndikabwera kudzatapa malipiro kumapeto kwa mwezi. Bamboyu adagwira ntchito m'bandi ya asilikali mpaka adapuma. Madzulo ena a mu Juni, kukuzizira monga mudziwa Mzuzu, ndidamva lipenga likulira chapansipansi kuseri kwa mpanda. Ndidaodira.

Ndidawapeza atakhala pampando wandalema, atafunda jekete, m'manja muli kalipenga kakang'ono kotiwizikatiwizika, kopanda batani ngakhale limodzi. Ndi kamene asilikali amati bugle, kodzutsira anthu m'mawa ndi kolirira anzawo omwe adafera kunkhondo pa mwambo wa mu Novembala. Nditawafotokozera za mwana wanga uja adaseka.

"Aphunzitsi, mwana wanuyo amaimbira m'chikho, saliza ayi. Chikho chimangokuza nyimbo yomwe ili kale pakhosi pake. Ichi n'china. Apa pakhosi pamakhala chete, imanjenjemera ndi milomo."

"Nanga adada, popanda mabatani mumasintha bwanji mawu?"

"Ndi milomo yomweyo, ndi mpweya. Ukamanga milomo mawu amakwera, ukamasula amatsika. Koma chitsulochi chili ndi mawu ake omwe chimalola, asanu okha basi. Ena onse chimakana."

Adaliza asanu aja mmodzimmodzi, kuyambira wapansi. Apo m'pomwe ndidazindikira kuti akundiphunzitsa mutu womwe ineyo ndimaphunzitsa pabolodi chaka ndi chaka, wa mafunde a mawu m'paipi. Mpweya wa m'paipi sunjenjemera mwachisawawa. Umatsata utali wa paipiyo, ndipo umalola kunjenjemera kamodzi, kawiri, katatu, kanayi kuchulukitsa liwu loyamba, osati pakati pake. Ndakhala ndikujambula zimenezi ndi choko kwa zaka zisanu ndi zitatu, ana akukopera m'makope, koma ndidali ndisanazimvepo ndi khutu.

Bamboyu adati m'bandi mwawo wophunzira ankayamba ndi kalipenga kopanda mabatani kameneka asanapatsidwe lalikulu. "Batani limanamiza mwana," adatero. "Amaganiza kuti nyimbo ili m'chala. Koma ukapanda kulimva liwu m'mutu usanalize, ngakhale udinize batani loyenera, chituluka china."

Tisanapite kutali, tikumbuke kuti lipenga la mtundu umenewu silidabwere ndi azungu. Makolo athu ankaboola nyanga ya ngoma kapena ya mphalapala cham'mbali, n'kumailiza poitanira anthu ku uzimba, kunkhondo kapena kubwalo la mfumu. Nayonso imalira ndi milomo, ndipo popeza ndi yaifupi imangotulutsa liwu limodzi kapena awiri. Vuvuzela yomwe idagonthetsa dziko lonse pa mpira wa World Cup ku South Africa mu 2010 ndi mdzukulu wa banja lomweli, kungoti ndi mdzukulu wopanda mwambo.

Ku Ulaya nakonso zidayamba choncho, ndi nyanga za nyama ndi alenje. Mpaka lero chida chomwe ndikufuna kukamba apa dzina lake pa Chingerezi ndi horn, kutanthauza nyanga. Mwina mudachionapo pa kanema: lipenga lamkuwa lokulungidwa ngati nkhata, kukamwa kwake kotambasuka kutaloza kumbuyo, woliza atalowetsamo dzanja lamanja. Amisiri adalikulunga chotero kuti mlenje wokwera pahatchi azilikoleka paphewa. Mukalitambasula limatalika pafupifupi mamita 3.7, ndipo utali umenewu ndiwo chinsinsi chake. Pomwe kalipenga ka adada aja kamalola mawu asanu, ili limalola pafupifupi 16, ndipo apamwambawo amakhala moyandikana kotero kuti munthu angathe kuimba nawo nyimbo yeniyeni. Vuto lake ndi lomwelo: poti mawuwo ndi oyandikana, kuphonya n'kosavuta. Milomo ikangoterereka pang'ono, holo yonse imamva.

Kwa zaka zoposa 100 lipengali linkalira m'magulu akuluakulu a zoimbaimba lilibe batani. Nyimbo ikasintha poyambira, woliza ankazula kachigawo ka paipi n'kulumikiza kena kotalikirapo kapena kofupikirapo. Cha m'ma 1750, Anton Joseph Hampel wa ku Dresden adatchuka ndi luso lotseka kukamwa kwa lipenga ndi dzanja, pang'ono kapena kwambiri, kuti atulutse mawu omwe chitsulo chimakana. Mawu otsekedwawo amamveka ngati a munthu wa chimfine, otsegula amamveka owala, ndipo katswiri ankadziwika ndi momwe ankawasakanizira. Mozart adalembera mnzake Joseph Leutgeb nyimbo zinayi zikuluzikulu za lipenga lotere, ndipo pamapepala ena a nyimbozo ankalembapo mawu omuseleula, monga amachitira anthu a pachibale.

Mabatani adabwera cha m'ma 1815, nzeru za Ajeremani awiri, Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel. Ntchito ya batani ndi yosavuta kumva: ukadiniza, mpweya umapatukira m'kapaipi kena, lipenga n'kutalika nthawi yomweyo. Zomwe kale zinkafuna kuzula ndi kulumikiza, tsopano chala chimodzi chidakwanira. Mungaganize kuti aliyense adaomba m'manja. Ayi ndithu. Johannes Brahms, yemwe bambo ake ankaliza lipengali, adalemba nyimbo yake ya zida zitatu mu 1865, chaka chomwe mayi ake adamwalira, n'kunena kuti akufuna lipenga lakale lopanda mabatani, ngakhale kuti latsopano lidali litafala kale. Ankafuna mawu achisoni otsekedwa ndi dzanja aja. Komabe pofika m'ma 1900 lakale lija lidali litapachikidwa pakhoma.

Munthu yemwe moyo wake ukuyankha funso la mwana wanga ndi Hermann Baumann, yemwe adabadwira ku Hamburg mu 1934. Iyeyu adayamba ngati woimba pakamwa ndi woimba ng'oma za jazi, ndipo lipenga adaligwira ali ndi zaka pafupifupi 17. Ndidaima pamenepa powerenga, chifukwa ndi msinkhu wa mnyamata wanga uja, yemwenso adayambira pakhosi ndi pang'oma. Baumann adalembedwa ntchito m'gulu la zoimbaimba la ku Dortmund, kenako la wailesi ku Stuttgart. Mu 1964, chaka chomwe ife tinkalandira ufulu, adapambana mpikisano waukulu wa ARD ku Munich, ndipo zitseko zidamutsegukira zoimba payekha m'maiko ambiri.

Akadafuna akadathera pomwepo, kumangoyenda ndi lipenga lake lamabatani n'kumatolera ndalama. Iye adabwerera ku lakale lija, n'kuphunzira luso la dzanja lomwe anthu ambiri adali ataliiwala, mpaka adajambula nyimbo za Mozart zija pa lipenga lopanda mabatani pamodzi ndi gulu la Nikolaus Harnoncourt la ku Vienna. Sadataye latsopano. Mu 1982 adali m'gulu la anthu atatu omwe adaimba koyamba nyimbo yovuta kwambiri ya György Ligeti. Ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 adaphunzitsa kwa zaka pafupifupi 30 pasukulu ya zaluso ya Folkwang mumzinda wa Essen, komwe ophunzira ankachokera kumaiko akutali kudzamufuna. Mu 1993 adadwala sitiroko yomwe idamufoola mbali ya kumanja, koma adalimbikira mpaka adayambanso kuliza ndi kuphunzitsa. Adamwalira mu Disembala 2023 ali ndi zaka 89.

Chomwe ndidatolapo n'chakuti munthuyu sadadye ndi lipenga chifukwa cha luso lokha. Adali ndi miphika itatu pamoto: malipiro a m'gulu, zoimba payekha, ndi uphunzitsi. Umodzi ukazima wina unkawira. Ndipo uphunzitsiwo ndiwo udachititsa kuti luso lakale lisafe naye limodzi. Lero m'sukulu zambiri za nyimbo ku Ulaya wophunzira lipenga lamabatani amaphunziranso lopanda mabatani, pa chifukwa chomwe adada a ku Chibavi adandiuza atafunda jekete, iwo asanamvepo dzina la Baumann.

Nanga kuno kwathu? Kuyankha moona, inde lipenga limadyetsa, koma khomo lake ndi lopapatiza ndipo nthawi zambiri limafuna yunifomu. Ntchito yokhazikika ya woliza lipenga ili m'mabandi a asilikali ndi apolisi, omwe timawaona pa zochitika za boma. Mzuzu ndi mzinda wa asilikali. Dzina la Moyale Barracks lidachokera ku Moyale, kumalire a Kenya ndi Ethiopia, komwe asilikali ochokera kuno adamenya nkhondo ndi Ataliyana mu 1940. Mwana wa ku Chiputula kapena ku Zolozolo amakula akuona perete. Kunja kwa yunifomu kuli mipingo, ndipo wa Salvation Army ndiwo umadziwika dziko lonse ndi mabandi amkuwa. Ku Karonga sukulu ya nyimbo ya Lusubilo, yomwe adayambitsa ndi mayi wina katswiri woimba wa ku South Korea, yatulutsa achinyamata odziwa kuwerenga nyimbo ndi kuliza zida zopuzira. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads, ndipo ku Zomba yunivesite ili ndi gawo la zaluso. Ndiye njira zilipo, koma palibe ngakhale imodzi yomwe imayambira pasukulu ngati yathu.

Apa ndiye pali dandaulo langa. Kupulaimale ana amaimba ndi kuvina m'phunziro la zaluso. Akafika kusekondale ya kumudzi zonsezo zimathera pageti. Pasukulu pathu palibe mphunzitsi wa nyimbo, palibe chida, ndipo ng'oma yomwe ilipo ndi ya kwaya ya ana okhaokha. Malipenga timawakumbuka kukamabwera alendo. Timaitana ana, amavina, alendo amajambula pafoni, ife n'kuwauza anawo kuti abwerere m'kalasi akaphunzire zinthu zenizeni. Ineyo ndanenapo mawu amenewa, ndipo sindikunyadira.

Anzanga m'chipinda cha aphunzitsi adandiseka nditayambitsa nkhaniyi. Wina adati sukulu yopanda mabuku okwanira ndi madesiki ingayambe bwanji kulota za mkuwa. Sakunama. Lipenga labwino la mtundu wa Baumann mtengo wake umaposa malipiro anga a chaka chathunthu, ndipo likawonongeka palibe mmisiri pafupi. Sindikupempha boma kuti ligule malipenga a ku Germany. Chomwe chikundiwawa n'chakuti mu Mzuzu momwemu muli anthu ngati adada aja, omwe adaliza mkuwa zaka makumi angapo, amadziwa kuwerenga nyimbo papepala, ndipo lero akungowothera dzuwa. Ku Essen munthu wotere adamupatsa kalasi. Kuno tikudikira kuti adzamwalire, anzake adzamulizire komaliza kumanda, luso lake n'kukwiriridwa naye.

Chimodzimodzinso akuluakulu a malipenga kumudzi. Kusankha mphonda yoyenera, kuiumitsa, kudziwa chikho cha mawu aakulu ndi cha mawu aang'ono, kugawa anyamata kuti mawu alukane, zonsezi ndi maphunziro. Baumann sadaone manyazi kunyamula chida cha makolo ake pamodzi ndi chatsopano. Ife mwana akangogwira kiyibodi timamuuza kuti zikho n'zachimidzi.

Tsiku lina ndikufufuza pafoni ndidapeza nkhani yomwe idandiseketsa. Mu 1956 ku London, katswiri wina wa lipengali, Dennis Brain, adaimba pamaso pa khamu la anthu nyimbo ya bambo ake a Mozart pogwiritsa ntchito paipi yothirira maluwa. Adangolumikiza kapakamwa ka lipenga mbali ina. Zidali zanthabwala, koma nyimbo idamveka. Brain adamwalira pangozi ya galimoto chaka chotsatira ali ndi zaka 36 zokha.

Mwezi wotsatira nditatapa malipiro ndidalowa mumsika waukulu wa Mzuzu n'kugula paipi yapulasitiki, ndidayezetsa mamita 3.7, ndi fanulo yothirira palafini. Wogulitsa adandifunsa ngati ndili ndi dimba. Kenako ndidapita ku Chibavi. Adada aja adaiyang'ana paipi ija nthawi yaitali osayankhula, adalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapakamwa kakale kokulungidwa m'kansalu.

"Ndakubwerekani, aphunzitsi, sindidakupatseni. Mukamuuze mwanayo asafufumitse masaya. Ndipo asaimbiremo, ndikamumva ndili konkuno."

Lolemba lake m'kalasi la sayansi ndidajambula mafunde pabolodi monga mwa nthawi zonse, kenako ndidatulutsa paipi ija m'thumba. Ndidayamba ndine kuliza. Chomwe chidatuluka sindingachilembe m'nyuzipepala yolemekezeka ngati ino, ndipo kalasi lonse lidagwa nacho chikhakhali mpaka ahedi adasuzumira pazenera. Atsikana awiri adayesa, mmodzi adatulutsa liwu limodzi loyera bwino. Mnyamata uja adabwera komaliza. Poyamba adaimbiramo monga adazolowera, paipi idangong'ung'udza. Ndidamuuza mawu a adada. Adapukuta milomo, adatseka maso, ndipo lidatuluka liwu lonenepa ngati la sitima ya Ilala ikamafika pa Nkhata Bay. Adamanga milomo, lidakwera. Belu lisanalire adali atapeza mawu anayi, ndipo ana adawerenga okha pabolodi kuti ndi ati. Pamayeso a teremu imeneyo funso la mafunde m'paipi adalikhoza ana ambiri kuposa chaka china chilichonse chomwe ndaphunzitsa.

Tsopano ali Fomu 4. Paipi amaisunga ndi iye, ndipo anthu a m'mudzi mwawo adandidandaulira kale kuti amawadzutsa mbandakucha. Wafika pa mawu asanu ndi atatu, ndipo wayamba kulowetsa dzanja m'fanulo payekha popanda womuuza. Ndidamufotokozera mosabisa kuti khomo la bandi ya yunifomu limafuna satifiketi ya MSCE, choncho masamu asawathawe. Bambo ake adabwera kusukulu mwezi wathawu. Adandithokoza mwaulemu, kenako adandiuza kuti malume ake a mwanayo ali ku Joni ndipo alonjeza kumutumizira ndalama ya basi akangomaliza mayeso, akuti kuli ganyu ya m'munda wa maluwa. Adandifunsa ngati ine ndili ndi china chogwirika chomwe ndingamulonjeze mwana wawo. Ndidalibe.

Adada a ku Chibavi akuti ndibwere naye pa holide ikubwerayi, adzamumve okha, ndipo akakhutira adzamugwiritsa kalipenga kotiwizika kaja. Ndalama ya minibasi ya anthu awiri kuchoka kwathu kufika ku Mzuzu ndaika kale padera. Bambo ake sadayankhebe.